Palafini pa Mbuzi ya Che Amidu

Loweruka lapitali ndinaona munthu wamkulu, wandevu zoyera, akulira pamsika wa Migowi. Sanaledzere, ndipo kwawo kunalibe maliro. Ankalira mbuzi.

Musaseke msanga. Mukamva momwe zinayendera mwina inunso mupsa mtima monga ndapsera ine.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ine ndine telala, ndipo makina anga amakhala pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi msika. Tsiku limenelo mayi a kunyumba anandilamula kuti ndisabwerere chimanjamanja. Mlongo wawo anali atangofika kuchokera ku Joni, ndiye kumulandira ndi nandolo kukanakhala kudzichotsa ulemu. Choncho dzuwa litakwera ndinaphimba makina ndi nsalu n'kuwoloka msewu kupita kwa Che Amidu.

Kwa inu akutali, Che Amidu ndi Msilamu wochinja mbuzi. Anayamba kugulitsa nyama pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika kale kwambiri, Migowi asanakhale ndi sitolo ngakhale imodzi. Asilamu amagula kwa iwo chifukwa amadziwa kuti nyamayo yachinjidwa mwa mwambo wawo. Ife Akhristu timagulanso komweko chifukwa mkuluyo sabisa mafupa pansi pa mnofu.

Ndinapeza anthu atazungulira mtengowo. Pakati panali kapitawo wa msika, mnyamata wamkulu ndithu wovala kaki watsopano, ali ndi amesenjala awiri kumbuyo kwake.

"Madala, mbuzi iyi mwaphera kuti?" anafunsa kapitawoyo.

"Pamene ndimachinjira masiku onse, mwanangu," anayankha Che Amidu.

"Lamulo la khonsolo simunalimve?"

"Ndinalimva. Ndipo m'mamawa ndinapita nayo mbuziyi pasimenti panupo. Ndinapeza magazi a nkhumba asanaume n'komwe. Ndiye ndikanatani?"

"Mukanatsuka. Madzi alipo."

Che Amidu anamuyang'ana n'kunena kuti, "Iwe ndiwe mwana wa kuno kapena ayi?"

Pano ndiime kaye, ndikufotokozereni za pasimentipo.

Migowi akukula, zimenezo palibe angatsutse. Malole ogula fodya ndi nandolo tsopano amafika mpaka kuno. Anthu obwera ku Joni ndi ku Halale akumanga nyumba za njerwa m'mbali mwa msewu. Tsiku la msika njinga zochokera ku Nkhulambe, zina kumbali ya Chilwa zitasenza matemba, zimasowa poimika. Poona zimenezi khonsolo yathu yatsopano inaganiza zotimangira malo ophera nyama. Anathira simenti yosalala, anakhoma denga la malata, anaika chitsulo chopachikapo nyama ndi ngalande yotayira magazi. Anthu anangowatcha malowo kuti pasimenti. Kenaka linadza lamulo lakuti nyama iliyonse yogulitsa pamsika iziphedwa pamenepo basi.

Simenti imodzi, chitsulo chimodzi, ngalande imodzi. Mbuzi ndi nkhumba pamodzimodzi. Ku Migowi, kumene ukaima pamsika mzikiti umauona ndi maso!

Tibwerere kumtengo wa mango. Kapitawo uja funsolo silinamusangalatse. Anatuma mesenjala mmodzi kusitolo, ndipo anabwera ndi botolo la palafini. Ena tinkaganiza kuti akungoopseza. Mayi wina wa mwana kumsana anagwada pansi.

"Bwana, ngati nyamayi yalakwa kugulitsa, tipatseni ife tikadye. Musaiwononge."

"Nyama yophera kutchire ndi yauve," anatero kapitawoyo. "Lamulo likuti iwonongedwe."

Anatsegula botolo, nathira. Anayamba miyendo, kenako nthiti, chiwindi, mpaka mutu umene unali padera pa tsamba la nthochi. Anathira mosamala ngati mayi akuthira mchere m'ndiwo, kuti pasatsale pena podyeka.

Ine ndinakuwa kuti, "Amwene, mukuchita chiyani? Chimenechi ndi chakudya!" Mesenjala wina anandilozera chibonga n'kundiuza kuti ndikapitiriza ndikagona kuboma.

Abale anga, ife amene tinaima pamenepo ndife omwe aja amene zaka zochepa zapitazi tinkakumba mizu m'mphepete mwa phiri la Michesi pa nthawi ya njala. Tinadya gaga. Ena tinaika ana m'manda. Ndiye lero munthu wolipidwa ndi msonkho wathu athire palafini pa mbuzi yathunthu ife tikuona, n'kunena kuti akutiteteza ku matenda?

Che Amidu sanatukwane. Anakhala pansi pa muzu wa mango, navula kofia wawo, n'kuyamba kulira mwakachetechete, misozi ikutsikira m'ndevu.

Zikanathera pomwepo ndikanakwiya tsiku limodzi n'kuiwala. Koma zoipa zenizeni zinali zisanayambe.

Nkhumba ya m'mamawa ija inali ya a Nampeya, mlimi wa chinangwa wa kufupi konkuno, Mlomwe mnzanga, mkulu wa mpingo. Kwa zaka zambiri akhala akuphera nkhumba zawo kumunda kwawo n'kumagulitsa kumapeto ena a msika, kutali ndi Che Amidu. Palibe lamulo limene linawauza kutero. Anthu awiriwa anangogwirizana okha kalekale, mwaulemu. Ndipo ndi mabwenzi. Nthawi ya njala ija banja la Che Amidu linapulumukira makaka a chinangwa cha a Nampeya, ndipo mwana wa a Nampeya atadwala, amene anamunyamula pa njinga kupita naye kuchipatala cha mishoni anali Che Amidu.

A Nampeya atamva phokoso anabwera akuthamanga, manja ali mafuta okhaokha. Asanalankhule kanthu, mphwake wa Che Amidu, bambo wa ana ake dzina lake Sayidi, anawaloza chala.

"Ndi awa! Ndi awa anaipitsa pasimenti dala kuti ife tisamagulitse nyama!"

"Ine? Iwe Sayidi, ine?" anatero a Nampeya. "Anandiuza kuti ndikaphera kumunda andilanda nkhumba yonse. Ndikanakana bwanji?"

Palibe anamva. Wina wa mbali ya Sayidi anaponya dzina lija limene ife Alomwe sitifuna kulimva, n'kuwonjezera kuti tibwerere kumene tinachokera. Wina wa mbali yathu anabweza mawu onyoza mzikiti amene sindingawalembe m'nyuzipepala. Dengu la tomato linagubuduzika. Mwala unadutsa pafupi ndi khutu langa n'kukagunda malata a sitolo.

Nanga kapitawo ndi amesenjala ake? Anali atachoka kale, pang'onopang'ono, botolo lili m'manja. Palibe anawatsekera njira. Palibe anawatukwana ngakhale kamodzi. Mkwiyo wonse tinauthira pa anansi athu.

Pofika Lamulungu matendawo anali atafika kuchitsime. Mayi a kunyumba anabwera akundiuza kuti amayi achisilamu abweretsa chingwe ndi ndowa yawoyawo, akuti ndowa yakale yagwiridwa ndi manja a nkhumba. Amayi a kwathu nawo ayamba kuimika mitsuko yawo patsogolo dala. Anthu amene dzulodzuloli ankasenzetsana mitsuko, kubwerekana lichero, kulirirana maliro.

Lolemba ndinasiya makina, ndinakwera njinga kupita kwa a Losani, amene amatiimirira ku khonsolo. Ndinene poyera kuti a Losani si munthu woipa. Ndi mlimi wa fodya wolimbika, saledzera, ndipo jekete limene amavala popita kumsonkhano ndinasoka ndine. Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya.

Titapatsana moni ndinati, "A Losani, za Loweruka mwamva?"

"Ndamva, a Telala. Zomvetsa chisoni kwambiri."

"Tsiku limene nkhani ya pasimenti inkakambidwa ku khonsolo, inu munalipo?"

"Ndinalipo."

"Munanenapo chiyani?"

Anatembenuza tsamba la fodya, nalinunkhiza, naliika pambali. "Mukudziwa, a Telala, zinthu zimenezi zimabwera zitajambulidwa kale. Bwana wamkulu wa kuboma anangotionetsa chithunzi cha nyumbayo, nafotokoza m'Chingerezi, womasulira n'kungoti ndi malo ophera nyama mwaukhondo. Ndiye anati amene akuvomereza akweze mkono."

"Ndiye munakweza."

"Aliyense anakweza."

"Koma inu simukudziwa kuti Msilamu sangachinje pamene paphedwa nkhumba? Alamu anu enieni si a kumzikiti?"

"Ndikudziwa bwino lomwe. Zinandibwereranso m'mutu nthawi yomweyo."

"Nanga bwanji simunaimirire?"

"Nthawi inali itatha. Bwana anali atayamba kale kuyang'ana wotchi."

Ndinafunsa chimene chinadya nthawiyo. Poyamba anazengereza, kenako anandiuza. M'mawa wonse anathera pa nkhani ziwiri. Yoyamba inali yakuti amesenjala a khonsolo azivala zipewa zofiira kapena zakuda. Yachiwiri inali yakuti pamsonkhano mafumu ndi makhansala azikhala motani, ndani kufupi ndi bwana, ndani kufupi ndi chitseko. Pa zimenezi, akuti, anthu analankhula mpaka thukuta. Ena anamenya tebulo.

Mwamva, owerenga? Pa chipewa anamenya tebulo. Pa nkhani yokhudza chakudya ndi chipembedzo cha anthu a Migowi anakweza mikono ngati ana a sukulu ofuna kupita kukataya madzi.

Bwanayo sindimuikira kumbuyo. Munthu wolamulira dera ayenera kudziwa amene akukhalamo. Koma iye ndi mlendo, mwina mzikiti wa Migowi amangouona pawindo la galimoto. Khonsolo anatiuza kuti yabwera n'cholinga chakuti eni dera azilankhula okha za kwawo. Tinasangalala. Tinasankha anthu athu, tinawaperekeza ndi nthungululu. Iwo amapalasa njinga kukwera mpata wa Fort Lister, kutsikira tsidya linalo mpaka kuboma, ulendo wotopetsa ndithu. Ulendo wonsewo n'cholinga chokakweza mkono?

Ngati ntchito ndi yokweza mkono basi, bwanji osangotuma mesenjala ndi ndodo yomangirira golovesi kunsonga?

Wina anena kuti, a Telala, kodi inu mukudana ndi ukhondo? Ayi. Ine nthawi ya nkhondo ndinafika kumaiko a kutali, ndinaona matauni aakulu kuposa Limbe kumene Asilamu ndi anthu a zipembedzo zina amagulitsa nyama mumsika umodzi. Aliyense anali ndi mbali yake, chipupa pakati, ndipo panalibe ndewu. Simenti ndi yabwino. Ntchentche sindizikonda. Koma pa simenti yomweyo akanatha kumanga malo awiri ang'onoang'ono, ena uku ena uko, ndipo Che Amidu ndi a Nampeya akanathandiza okha kusenza mchenga. Chimene chinafunika n'kufunsa basi. Kutuma munthu mmodzi tsiku la msika, aime pansi pa mango, afunse kuti, inu ogulitsa nyama, tikufuna kukumangirani malo, mukuti bwanji?

Kufunsa kumadula chiyani?

Ndipo aka si koyamba. Shedi ya amayi ogulitsa ufa anaimanga moyang'ana kumene kumachokera mphepo ya chiperoni, moti mvula ikangowaza ufa wonse umanyowa. Amayiwo anabwerera pansi pa mitengo, ndipo m'shedimo mukugona mbuzi. Zimbudzi za msika anazikumba kumtunda kwa chitsime. Chilichonse chimabwera chomalizidwa kale, ngati malaya osokedwa ndi telala amene sanamuyeze mwini wake, ndipo akakuthina amakuuza kuti wolakwa ndiwe, uchepetse mimba.

Koma ndisathere mkwiyo wonse kuboma. Wina ndiusunge wa ife tomwe.

Ndi chiyani chimene chimatichititsa kuti munthu wa yunifolomu akatiponda, ife titembenuke n'kumenya mnzathu amene wapondedwa nafe limodzi? Sayidi ankadziwa bwino kuti a Nampeya sanamange pasimenti. Amene ananyoza mzikiti uja ankadziwa kuti Che Amidu sanamulakwire kanthu. Koma kapitawo ali ndi boma kumbuyo kwake, pamene mnansi alibe chibonga. Kutukwana mnansi n'kosavuta, ndipo ukatero umadzimva ngati mwamuna. Amene anathira palafini anagona tulo tabwino Loweruka, pamene ife tinagona titatsekera zitseko ndi mitengo, kuopana tokhatokha.

Dera likamakula anthu amachuluka, amitundu ndi zipembedzo zosiyana, onse pamsika umodzi ndi chitsime chimodzi. Chimene chatisunga mpaka lero si lamulo la khonsolo. Ndi timapangano tating'onoting'ono tosalembedwa paliponse: iwe gulitsa uko, ine kuno, pa ukwati wa mwana wanga mbuzi achinje ndi Che Amidu kuti aliyense adye, pa maliro anu ife tibwera kudzakumba nawo manda. Zimenezi zinatenga zaka kuti zikhazikike. Khonsolo yaziphwasula m'mawa umodzi, nthawi itatha, bwana akuyang'ana wotchi.

Lachinayi a Nampeya anabwera pakhonde langa. Anakhala pa benchi, ine ndikupalasa makina. Kenako anati, "Amwene, ndiperekezeni kwa Che Amidu. Ndekha ndikuopa kuti anyamata aja andibweza pachipata."

Tinapita. Tinawapeza Che Amidu pamphasa kuseri kwa nyumba, mipeni yawo ataikulunga m'chiguduli. Sayidi anali pomwepo, ndipo atationa anaimirira. Amalume ake anangomuyang'ana, iye n'kukhalanso pansi.

A Nampeya anakana mpando, anakhala pansi penipeni.

"Achimwene," anatero, "ine ndinadziwa kuti ndikaphera pamenepo inu simuchinjapo. Ndinadziwa. Koma ndinaopa kulandidwa nkhumba. Ndikanabwera kaye kwa inu kuti tikambirane. Nkhumba zanga sizidzapondanso pasimenti paja, ngakhale andimange."

"Filipo," anatero Che Amidu, kuwatchula dzina lawo laubatizo, "iwe sunandilakwire. Koma ngakhale usiye, anthu anga sangadye nyama yochokera pamenepo. Anaona ndi maso awo. Ndikachinja pamango andithiranso palafini. Ndikachinja pasimenti palibe Msilamu adzagule, ndipo ine sindingayang'anenso shehe kumaso. Ndaganiza zopita kwa mkamwini wanga ku Chilwa, ndizikayanika matemba."

"Pa ukalamba uno?"

"Nanga nditani?"

"Musapite," anatero a Nampeya. "Khonsolo ikukumananso mwezi uno. Tiyeni tikaime pakhomo pawo tonse awiri, wa nkhumba ndi wa mbuzi. Atione."

Sayidi anaseka mowawidwa mtima. "Adzakulolani kulowa? Mumsonkhano muja munthu wamba salankhula."

"Ndiye tikaima panja," anatero a Nampeya. "Khansala wathu potuluka adzatipeza."

Che Amidu sanavomere msanga. Anafunsa ngati mwendo wa a Nampeya, umene umawavuta nyengo yozizira, ungapirire chitunda cha Fort Lister. A Nampeya anati pokwera azikankha njinga, potsika azikwera. Che Amidu anagwedeza mutu movomereza, kenako anaitana mkazi wawo kuti abweretse tiyi. Kapu yoyamba anapatsa a Nampeya, Sayidi akuona.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Kuchitsime ndowa zikadali ziwiri. Che Amidu akuti za ku Chilwa sanazisiye, angodikira kaye aone chimene khonsolo inene. Loweruka likubwerali ku Migowi sikukhala nyama ya mbuzi kapena ya nkhumba, ndipo amene adzafune ndiwo adzagule matemba. Ine ndawauza akuluakulu awiriwo kuti tsiku la ulendo makina anga ndidzawaphimba, ndidzapita nawo.

Tsono a Losani, ndikudziwa kuti nyuzipepala ino imafika kwanu, ndipo mumaiwerenga mpaka tsamba lomaliza. Sitikukupemphani kuti mumenyane ndi bwana. Sitikukupemphani kuti mugwetse boma. Tikupempha malo achiwiri ochinjira mbuzi, ndiponso kuti kuyambira lero chilichonse chokhudza msika wathu chiziyamba chafika kwa eni msika chisanafike kwa omanga. Mawu ake ndi ochepa, ndipo m'Chinyanja chomwechi womasulira adzawatembenuza.

Tsiku limenelo mukadzasuzumira pawindo mudzaona nkhalamba ziwiri zitaima padzuwa, fumbi lili mpaka m'mawondo, ina ya kofia ina ya korona m'khosi. Mudzaimirira n'kunena kuti anthu awa ndi a kwathu, alowe alankhule? Kapena mudzayang'ana pansi ngati simukuwadziwa?